Khadi Lili kwa Ba Maggie

Felistus anaima pakhomo pa saluni ya ba Maggie, kuseri kwa msika wa Mtendere, mtima ukuwira ngati nyemba za pambaula. M'chikwama mwake munali ndalama zonse za chilimba, zija amasonkherana ndi anzake a kuntchito mwezi ndi mwezi n'kupatsa mmodzi. Mwezi uno unali wake. Anabwera kudzawombola khadi lake lolandirira malipiro, komanso kudzalavula mawu amene anamukhala pakhosi nthawi yaitali.

Mwamuna wake, Nason, anamugwira mkono. Njira yonse ankamunyengerera kuti abwerere kunyumba, koma anangotha malovu.

"Amake Tiza, uja mukazi ni njoka," anatero monong'ona. "Akaona ndalama azatenga, na kadi azakana nayo. Letani chola nigwile. Akupaseni kadi poyamba."

Felistus anaona kuti ndi nzeru. Anamusiyira chikwamacho.

Mavuto onsewa anayamba ndi khadi lina, lija la kubanki loti ugule lero, udzalipire m'tsogolo. Felistus, mlembi pa kampani ina m'tauni, analilandira ndi manja awiri. Linagula mipando, linagula firiji, linavinitsa anthu pa kicheni pate, phwando lotsanzikira mkwatibwi, ya mng'ono wake mpaka a ku Kalingalinga anamva mbiri yake. Kenaka chiwongoladzanja chinabereka ana, anawo n'kubereka zidzukulu. A kubanki anayamba kuimba foni ngakhale pa maliro.

Nason, amene ntchito inamuthera kale, ndiye anabweretsa mankhwala. Anati Felistus akongole kaloba, ngongole ya katapila, kwa ba Maggie, atseke pakamwa pa banki kamodzi n'kamodzi. Zinathekadi. Khadi la ngongole lija Felistus analidula ndi sizasi, ziduswa n'kuponya m'chimbudzi. Koma kaloba ili ndi lamulo lake. Wokongola ndalama amasiya khadi la malipiro pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi. Mwezi ukatha mwini kaloba amatapa zake, iwe n'kukutumizira makombo.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Ngongole imene ankati itha ndi dzinja inadutsa Isitala, inadutsa nyengo yozizira, ili chikhalire. Malipiro akangolowa, foni ya Felistus inkalira kuti ndalama zatapidwa. Madzulo Nason ankafika ndi timakombo m'manja, akupukusa mutu. Mayi uja wawonjezeranso chiwongoladzanja, ankatero. Mayi uja akuti mutu wa ngongole sunakhudzidwe n'komwe.

Nason ndiye ankapita kukatenga makombowo, poti sankafuna kuti mkazi wake akanyozedwe pagulu. Amuna otere ndi osowa, ndipo Felistus ankanena zimenezi kuntchito mpaka anzake kutopa nazo. Pakhomo ndiwo zinali soya lero, soya mawa. Tiza, mwana wawo, ankapita kusukulu chala chili panja pa nsapato. Mwini nyumba anasiya kupereka moni. Mwayi wake Nason anali ndi anzake abwino: wina anamupatsa nsapato, wina foni, wina jekete la chikopa.

Chomwe chinkamubaya kwambiri Felistus chinali moni wa ba Maggie. Akakumana pamsika, mayiyo ankamwetulira mano onse pamtunda, n'kumati, "Mwatitaya, ba Felistus!" Munthu akudya thukuta lako, n'kumakusekanso pamaso! Felistus ankangoyang'ana kumbali, n'kulavula. Ankadana naye, chidani chenicheni chosowetsa tulo.

Tsopano Felistus anakankha katani wa pakhomo pa saluni n'kulowa. Munkanunkha mafuta a tsitsi ndi utsi wa tsitsi logula la mesh lowotcha. Ba Maggie, mayi wonenepa wa mphete chala chilichonse, ankaluka mtsikana wina. Azimayi awiri ankadikira pabenchi.

"Aa, ba Felistus! Nkalani pansi."

"Sininabwele kunkala. Nifuna kadi yanga."

Sanadikire yankho. Chitseko cha pakamwa chinali chatseguka. Anamutcha nkhupakupa, anamutcha mfiti yamasana. Anati mphete zonsezo ndi nsapato za Tiza, saluni yonseyi ndi soya amene banja lake ladya. Anafunsa ngati chakhumi chimene amaponya kutchalitchi sichimuwotcha m'manja. Azimayi a pabenchi anaiwala mafoni awo. Mtsikana wolukidwa uja anatembenuka kuti aone bwino, theka la mutu lili nyankhalala. Pawindo panadzaza nkhope za ogulitsa tomato, poti pa Mtendere ndewu siisowa mboni.

"Ndalama nabwela nazo, zonse!" anamaliza Felistus, akuloza kukhomo. "Zili na amuna banga panja. Koma simuzaona olo ngwee mpaka kadi ikale pamanja panga. Kawalala iwe!"

Kumwetulira kwa ba Maggie kunazima. Anaika chipeso pansi pang'onopang'ono, napukuta manja pachitenje. Anamuyang'ana Felistus kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga achitira amsika ndi munthu wotsitsa mtengo mopanda manyazi.

"Mwasiliza?" anafunsa. "Ine nadyela bantu bambili, sinikana. Koma imwe munitukwana pa mahala, nilibe mulandu. Nkongole yanu inasila pa Isitala, munalipila zonse. Kadi ninapasa ba Nason pamanja, siku yamene ija."

Felistus anatembenuka, nakoka katani. Pakhomo panalibe munthu. Kumsewu minibasi ya m'tauni inali ikunyamuka, ndipo pawindo lakumbuyo anangoona phewa la jekete la chikopa.