Chingwe cha Buleki Anayanikapo Matewera

Panali munthu wina amene anagula makina opanga magetsi ndi mphepo, aja okhala ndi mapiko atatu pamwamba pa chitsulo chachitali. Anawaimika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chipinda chimene ankagoneka mwana wake wakhanda.

Mmisiri amene anawamanga anamuuza kuti, "Bambo, mdani wa makinawa ndi nyengo. Fumbi limadya mapiko, mvula imachititsa dzimbiri mabawuti. Mphepo ikanyanya, kokani chingwe ichi, ndi buleki. Mukamva kulira kwachilendo, mundiimbire."

Chilimwe chinadutsa ndi fumbi lake, mvula n'kuyamba. Makina aja anayamba kulira kwii, kwii, chitsulo chikunjenjemera.

"Bambo a mwana, aimbireni amisiri aja. Mtima wanga sukukhazikika," anatero mkazi wake.

"Inu mumaopa ngakhale chithunzithunzi chanu. Makinawa akumuimbira mwana nyimbo kuti agone, muziwathokoza."

Tsiku lina chingwe choyanikira zovala chinaduka, matewera onse n'kugwera m'matope. Bamboyo anatenga makwerero n'kudula chingwe cha buleki chija pamwamba, n'kuyanikapo matewera.

"Kodi si chija anati tizikoka?" anafunsa mkazi wake.

"Chimangolendewera ichi. Takokapo kangati?"

Masana ena kumwamba kunada bii, chimphepo n'kufika. Mapiko anazungulira mpaka osaoneka, akulira ngati chigayo. Mwana anali mtulo m'chipinda muja.

"Kokani buleki!" anakuwa mayiyo.

Bamboyo anathamangira kuchitsulo, koma kachingwe kotsala kanali pamwamba zedi. Analumpha, analumphanso, osakafikira. Makwerero anali atabwereketsa.

Mayiyo sanadikire. Analowa m'chipinda n'kumufungatira mwana. Nthawi yomweyo mabawuti adzimbiri aja anaduka, phiko limodzi linathothoka n'kuboola denga. Lata linang'amba mkono wa mayiyo kuyambira paphewa mpaka pachigongono.

Mwana sanakandike n'komwe. Koma mpaka lero mkono wa mayiyo supindika, sangathe kubereka yekha mwana kumbuyo. M'mawa uliwonse bamboyo ndi amene amamumangira nsalu yoberekera mwanayo.

Phunziro: Dzuwa, fumbi, mvula ndi mphepo zimadya chitsulo pang'onopang'ono ife osaona. Chinthu chikayamba kulira mwachilendo pafupi ndi pogona ana, musachiseke, itanani mmisiri tsiku lomwelo. Ndipo chimene anakuikirani kuti chikutetezeni musachichotse chifukwa choti simunachigwiritsepo ntchito. Chonde tumizirani makolo anzanu, mwina kwinakwake chikulira panopa.