Mapazi pa Chipale

Marnie akuthamanga chokwera, njira inangothera m'chipale chofewa chimene chinakana kusungunuka ngakhale unali mwezi wa Julaye, nyengo yotentha m'dzikolo. Anatukwana chamumtima. Alongo ake awiri ankamudikira pamwamba pa phiri, ndipo phulusa la malemu bambo awo, loti akalimwaze kumeneko, linali m'chikwama chake.

Ataona mapazi a munthu pachipalepo anawalondola, uku akutitimira mpaka m'maondo. Patatha maola awiri anafika pansonga ali wefuwefu, koma anangopeza mwini mapaziwo, bambo wina wachilendo, atakhala pamwala.

"Abale anga mwawaona?" anafunsa Marnie.

"Ayi mayi, koma mwachita bwino kubwera," anatero bamboyo akumwetulira. "Ine ndinasochera m'mawa uja. Kodi phiri lino ndi liti?"