Loya Pageti

"Choka pamenepo iwe! Ukufuna kufa?" anakuwa mkulu wa ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko.

Loyayo, mayi wochepa thupi, sanasunthe. Anaima pakati pa geti, mkanjo wakuda wa kukhoti uli paphewa, lole ikulira kutsogolo kwake. M'lolemo anali atalongamo anthu othawa nkhondo kuti akawataye kumalire mlandu wawo usanamvedwe.

"Khoti silinagamule, achimwene," anatero. "Mukawabweza anthuwa akaphedwa. Inunso mukudziwa."

Mkuluyo anali mlongo wake weniweni, wobadwa naye bere limodzi. Anayandikira n'kutsitsa mawu.

"Pano si pakhomo. Ndinakulera kuti udzandivule pamaso pa anyamata anga?"

"Munandilera kuti ndisamaope munthu. Muuzeni dalaivala wanuyo andiponde."

Anavula nsapato, nakhala pansi n'kutambalala. Odutsa mumsewu anayamba kuima, mafoni m'mwamba.

Mkulu uja thukuta linali kamukamu. "Mmangeni! Mponyeni momwemo kuli anzakewo!"

Anamunyamula ngati thumba, n'kumutsekera m'lolemo. Mkati munali mdima ndi kutentha, khanda likulira chapansipansi. Panja dalaivala anamveka akufunsa ngati loyayo, yemwe ndi nzika ya dzikolo, nayenso akamutaye kumalire. Posakhalitsa injini inazima.

Loya uja anapukuta magalasi ake n'kumwetulira. Mwezi wathunthu ofesiyo inakhala ikumukaniza kuonana ndi anthu amenewa.

"Muli bwanji nonse?" anatero, akudzipezera malo pakati pawo. "Ndine loya wanu. Tsono ayambe kufotokoza ndani?"