Mapiritsi Obwereka

"Mapiritsi awa mwawatenga kuti, achimwene?" anafunsa Febe, maso ali pa mapazi a Rabson otupa ngati maungu.

"Anga atatha ndinakabwereka kwa a Chimphamba, akulu a mpingo aja. Nawonso amadwala BP yomweyi."

Febe anagwira m'chiuno. Chaka chatha chomwechi anakwera ndege mpaka ku India kukamupatsa mchimwene wakeyu impso, ndipo madokotala anachita kunenetsa kuti asamamwe mankhwala osamulembera.

"Mankhwala mukubwerekana ngati khasu? Impso yanga mwaipha inu!"

Kuchipatala ku Namitete dokotala anangopukusa mutu. Impsoyo inali itavulala, ndipo zoti ichira sanalonjeze.

Rabson anamuyang'ana Febe cham'mbali.

"Paja inu munatsala ndi ina, eti alongo?"