Chikhadabo Chothyoka

Aphunzitsi anga a gitala ku Mvera amati zikhadabo zakumanja ndisamawenge, ndizo zokodolera nsambo. Cha chala chachikulu chinathyoka Lachiwiri ndikusoka fodya m'chigafa. Chiduswacho ndinachifunafuna osachipeza.

Lachinayi kutangoda, ndikuchokera kumjigo, ndinamva gitala m'chigafa mwathu. Inali nyimbo yanga yophunzirira. Woimbayo anaphonya pomwe ndimaphonya ine, n'kubwereza katatu monga ndimachitira.

"Bambo a Chiko, mwayamba liti kugwira gitala yanga?" ndinakalipa.

Amuna anga anayankhira pakhonde. "Ine ndili pano, mayi. Gitala yanu ili pamsomali. Ndimayesa mwabwereka ina."

Tonse tinayang'ana kuchigafa. Nyimbo inayambiranso. Ulendo uno woimbayo sanaphonye, ndipo chala changa chothyoka chikhadabo chija chinayamba kutentha.