Mitengo Yoyezera Madzi ya kwa Mlolo

Panali munthu wina, Dokotala Feston, mphunzitsi wa pakoleji ina, kwawo kwa Mlolo ku Nsanje. Mtima wake wonse unali pa mpando wa udini, kuti akhale mkulu wa aphunzitsi anzake.

Mayi Estere, pulofesa wopuma amene anamuphunzitsa, anamuchenjeza. "Feston, miyendo ya mpando umenewu ndi ana asukulu. Ntchito ya mwana, dzina la mwana." Iye anangoti "Ndamva," muja ayankhira anthu osamva.

Wophunzira wake wina, Juliana, anakhala miyezi isanu kwa Mlolo akuzika mitengo yopaka penti m'mbali mwa mtsinje, kuti madzi akafika pofiira anthu azithawira kumtunda. Malungo anamugwetsa kawiri. Feston sanapondeko n'kamodzi komwe. Koma lipoti litatuluka, dzina linali lake lokha.

Juliana atafunsa, Feston anati, "Ukufuna digiri kapena ukufuna dzina?" Mwana wa eni anameza misozi.

Lipoti lomwelo ndi limene Feston anafunsira udini. A komiti analikonda, nati, "Tiyeni tikaione mitengoyo."

Atafika padoko, wopalasa mwadiya, bwato lakumeneko, anali a Lorenso, atsibweni ake enieni a Feston. Ndi iwowa ankamuwolotsa zaka zinayi popita kusekondale, madzi adzaze, aphwe. Odziwa banjalo sitinaiwale. Koma Feston, mu suti yake, anawayang'ana ngati chitsa, kuopa kuti mabwana angadziwe kuti mkulu wonunkha nsombayu ndi mbale wake.

"Iwe madala, tiperekeze kumitengo yanga ija."

A Lorenso analavulira m'madzi. "Mitengo yanu iti, bwana?"

"Yoyezera madzi!"

"Oo, ya mwana Juliana! Ija tinkazika naye, matope lekeza m'chiuno?" Anatembenukira kwa alendo. "Ali bwanji mwanayo? Chaka chatha mitengo yake inatipulumutsa, ndi mbuzi zomwe."

Mayi wapampando wa komiti anafunsa, "Kodi a Dokotala sankabwera nawo?"

"Awa? Kuno sanafike chimwalirireni mayi awo, mlongo wanga. Pamaliro anatumiza nkhata ya maluwa pa minibasi. Nanga nkhata imalira? Imakumba manda?"

Feston anayamba Chingelezi chambirimbiri, thukuta kamukamu. Mayi aja anamudula. "Musavutike, a Dokotala. Ingotilozerani kumene kuli mtengo woyamba."

Onse atakwera mumwadiya, Feston anaimirira, naloza kumunsi kwa mtsinje. A Lorenso anapukusa mutu, napalasa cha kumtunda.

"Khala pansi, mphwanga," anatero. "Mumwadiya saimiriramo. Utigwetsera alendo."

Udini unapita kwa wina. Lipoti analisindikizanso ndi dzina la Juliana, ndipo Feston lero akuyankha mlandu wakuba ntchito ya mwana wasukulu. Ati Feston anawatumizira atsibweni ake uthenga wopepesa. Pa minibasi. Zonyansa!

Phunziro: Inu ofuna mipando m'makoleji ndi m'mayunivesite, amene mukuwaponda pokwera ndi omwe adzafunsidwe za inu. Dzina la mwana musalifufute, wokuwolotsani musamutche "iwe". Tumizirani nkhaniyi ophunzira onse a kubanja kwanu, makamaka aja anasiya kuyankha foni yakumudzi.