Kapu Yoyamba pa Mjigo Watsopano

Madzi atangoyamba kutuluka pa mjigo watsopano, amayi anaimba nthungululu. Manesi, mmodzi wa amayiwo, anatunga kapu yoyamba n'kupereka kwa a Kalebe, mkulu wa okumba mjigowo.

"Yambani ndinu, bambo. Ntchitoyi ndi yanu."

A Kalebe anayang'ana kapuyo, kenako anaponya maso kumtunda, kumene kunali zimbudzi za sukulu, pafupi kwambiri ndi mjigowo.

"Zikomo mayi, ndilibe ludzu," anatero, thukuta lili kamukamu. M'thumba mwawo munkaonekera botolo la madzi ogula ku Kasakula.

Tikondwe, mwana wa Manesi, anakoka chitenje cha amake. "Amayi, ndipatseni ndimwe ine."

Manesi anakweza kapuyo m'mwamba.

"Dikira, mwanawe. Amwe kaye iwowa."

Amayi onse anatula ndowa zawo pansi, maso ali pa a Kalebe. Iwo manja anangowapinda kumbuyo.